Ndimapemphera koma tulo sitibwera, kodi nkhawa ndi kusowa chikhulupiriro?

Wa salaula ku Kapata:

Abale ndi alongo, ndalimba mtima kulemba pano chifukwa kutchalitchi nkhani iyi sindingaiyambe. Kumeneko amandidziwa ngati mayi wolimba. Ndine mlembi wa Chigwirizano cha Amayi pampingo wathu wa RCZ (Reformed Church in Zambia) kuno ku Chipata, ndipo ndine amene ndimatsogolera anzanga kukaona odwala ndi ofedwa. Koma ineyo ikangokwana 2 koloko usiku, maso ali gwa, mtima uli thithithi ngati ndimathamanga.

Zinayamba ndi chilala cha 2024. Bambo a kunyumba anatisiya mu 2021, ndiye munda wa kwathu ku Chadiza ndimauona ndekha. Nyengo ya chilalayo ndinati ndilime mwamphamvu kuti mwana wanga wamkazi, amene akuphunzira unamwino ku Lusaka, asamabwezedwe chifukwa cha fizi. Ndinakatenga kaloba K4,000 kwa bambo wina wa m'komboni mwathu, n'kugula feteleza ndi mbewu. Chimanga chinamera bwino, aliyense wodutsa amaima n'kuyamikira. Mvula inadula chitatsala pang'ono kumasula ngayaye. Febuluwale yense dzuwa lili phwee. Pamene anthu amapita ku Nc'wala ku Mtenguleni, ine ndinali m'munda kuyang'ana masamba atapotana ngati fodya wouma. Tsiku limene a Pulezidenti Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka la chilala, pa 29 Febuluwale, ine ndinali nditadziwa kale kuti zanga zatha. Ndinakolola matumba awiri.

Mukudziwa mmene kaloba amaberekera. Ndabweza kale ndalama yoposa imene ndinatenga, koma m'buku la bamboyo ngongole ikadalipo ndithu. Bele la salaula nalonso masiku ano ndi juga, ukalitsegula theka ndi nsanza.

Ndiye usiku ndimawerengera. Lendi, fizi, kaloba, malasha, kenako ndiyambirenso. Ndimamva malole akudutsa kulowera ku Mwami, agalu, atambala, mpaka kuitana kwa kumzikiti m'bandakucha. Pamenepo m'pamene tulo timabwera, koma nthawi yopita kumsika yakwana.

Si kuti sindipemphera ayi. Ma ovanayiti ndapita. Kuphiri ndinakasala kudya masiku atatu. Ndichite manyazi bwanji, ndinagulanso kabotolo ka madzi odzozedwa kwa mneneri wina K150, ndalama yoti ndikanagula ndiwo za sabata yathunthu. Afilipi 4:6 ndimaidziwa pamtima, ndaiwerengera amayi ambiri pamaliro: "Musadere nkhawa konse." Koma tsopano ndikaiwerenga imakhala ngati ikundiloza chala. Ndimayamba kudera nkhawa kuti ndikudera nkhawa.

Funso langa ndi ili. Kodi nkhawa ndi tchimo? Ndipo mtendere wa Mulungu wopambana chidziwitso chonse uja, alipo pano amene anaulawadi ngongole ikadali pakhomo? Umaoneka bwanji? Musandipatse mavesi okha chonde, mavesi ndili nawo.

Mnyamata wa ku Mchini:

Amayi, nkhawa ndi mzimu, ndipo mzimu sitimaunyengerera, timaudzudzula. Yesu anati yang'anani mbalame za mumlengalenga, sizifesa, sizikolola, koma Atate amazidyetsa. Ngati simukugona ndiye kuti pali khomo limene mwatsegulira mdani. Dzukani pakati pa usiku, mufuule, mulamule ngongole imeneyo ichoke m'dzina la Yesu. Chikhulupiriro chanu chachepa basi.

Mkulu wa mpingo wopuma, Madzimoyo:

Mdzukulu wanga ndiye akundilembera pafoni, maso anga anatopa.

Mwana wanga wa ku Mchini, changu chako ndi chabwino, koma wawathira mchere pachilonda amayiwa. Ndikufunse. Ambuye Yesu m'munda wa Getsemane, pamene anauza Petro, Yakobo ndi Yohane kuti moyo wake wazingidwa ndi chisoni chofika nacho kuimfa, ndipo Luka akuti thukuta lake linali ngati madontho a mwazi, kodi anatsegulira mdani khomo? Kapena chikhulupiriro chake chinachepa? Usiku umenewo amene anagona tulo tabwino anali ophunzira, ndipo ndi amene anathawa.

Amayi, kulemedwa mtima si tchimo. Ndi katundu. Vesi imene ikukulozani chalayo Paulo anailemba ali m'ndende, osadziwa ngati atuluka wamoyo, ndipo sanaime pa "musadere nkhawa". Anapitiriza kunena choti muchite nayo nkhawayo: muipereke kwa Mulungu m'pemphero, pamodzi ndi chiyamiko. Munthu wopanda katundu samuuza kuti tula.

Ine ndinaphunzira zimenezi mu 1992, chaka cha chimanga chachikasu chija. Ndinali mphunzitsi, ndili ndi ana asanu ndi mmodzi, kuwonjezera ana atatu a malemu mbale wanga. Nkhokwe inali mbee. Lamulungu ndimaima kutsogolo kulalikira, usiku ndimakhala pakhonde kuwerenga miyezi yotsala kuti tifike pa dzungu ndi mondokwa. Ndinkaganiza kuti munthu wa Mulungu amatula nkhawa kamodzi basi, monga mayi amatulira mtolo wa nkhuni pakhomo, n'kuiwala. Ndiye m'mawa ndikaupezanso pamutu ndinkadziona ngati wachinyengo.

Amene anandimasula ndi mayi anga, munthu amene sanapite kusukulu koma Buku Lopatulika analidziwa ndi makutu. Anandikumbutsa za mana m'chipululu, Eksodo 16. Aisraeli ankatola wa tsiku limenelo. Amene anasungira mawa anapeza muli mphutsi, kupatula tsiku lokonzekera Sabata. Anati, iwe ukufuna Mulungu akupatse mtendere wa chaka chonse mu Okutobala, pamene Iye amapereka wa tsiku limodzi. N'chifukwa chake m'pemphero la Ambuye timapempha chakudya chalero, sitipempha nkhokwe.

Mwafunsa kuti umaoneka bwanji. Kwa ine sunali chimwemwe ayi. Njala inalipo, ana anaonda ndithu. Koma ndinasiya kukhala woweruza wa mlandu wanga womwe usiku uliwonse. Ndinkati, Ambuye, za lero ndachita zimene ndikanatha, za mawa ndi zanu, ndipo ndikadzuka nazonso 3 koloko ndinkazibweza kachiwiri popanda manyazi. Masiku ena katatu. Ana onse asanu ndi anayi anakula, wina ndi bambo wa amene akulemba uyu.

Za madzi a K150 zija, musadzizunze nazo, koma musakagulenso.

Namwino wa ku Katete:

Amayi, agogo anena za mzimu, ine ndinene za thupi, poti zonse anazilenga ndi mmodzi. Mtima kugunda usiku, kusowa tulo miyezi yambiri chotero, munapimitsa liti BP? Matenda amenewa sachita phokoso, munthu amayenda nawo osadziwa mpaka tsiku limene wagwa. Pitani kukiliniki yapafupi, kupima sikutenga mphindi zisanu. Mukafika musangonena kuti mutu ukuwawa, muwauze zonse: tulo, maganizo, ngati chakudya sichikukoma, ngati nthawi zina mumalakalaka mutangofa. Ngati maganizo omalizawa amabwera, musadikire mawa, uzani munthu lero lomwe.

Anthu kwathu kuno akamva za matenda a maganizo amangoganiza za Chainama, chipatala cha odwala misala ku Lusaka, ndi anthu ovula zovala mumsewu. Si choncho. Nkhawa yosatha ndi kukhumudwa kwa nthawi yaitali ndi matenda ngati shuga, ndipo amathandizika, ena ndi uphungu wokha, ena ndi mankhwala. Kumwa mankhwala si kukana Yesu. Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali sing'anga, Paulo akutero pa Akolose 4:14.

Muwerengenso 1 Mafumu 19. Eliya atathawa Yezebeli anakhala pansi pa mtengo n'kupempha kufa. Mngelo sanamulalikire. Anamupatsa mkate ndi madzi, n'kumusiya agone, kenako anamudzutsa kuti adyenso. Mulungu anadzalankhula naye pambuyo pake, ku Horebu. Inu mwasala kudya masiku atatu muli wofooka kale. Yambani mwadya. Ndipo tiyi wa masamba madzulo mumusiye, foni nayonso isagone pamtsamiro.

Make mapasa, Saturday Market:

Asisi, ine ndine Mkatolika wa ku St Anne's, koma msika ndi umodzi, ndiye ndilankhula ngati mnzanu wa pabenchi.

Chimene ndaona m'kalata yanu si kuchepa kwa chikhulupiriro. Ndi chinsinsi. Mwanena nokha kuti kutchalitchi simungayambe. Ndiye mukusenza kaloba, mukusenzanso yunifomu ya mayi wolimba, mitolo iwiri pamutu umodzi. Mutu umodzi susenza denga, asisi. Amayi amene mumawayendera akadwala aja, mukuwamana mwayi woti nawonso akuyendereni. Pa Agalatiya 6:2 akuti tinyamulirane zothodwetsa, sakuti mlembi yekha ndiye anyamule za onse.

Amuna anga atagonekedwa miyezi iwiri ku St Francis, tomato wanga anaolera pabenchi, mpamba wonse unathera pa thiransipoti ya ku Katete. Usiku mawu opempherera ankandithera. Ndinkangogwira korona, wailesi ili pa Radio Maria motsitsa, anthu ena akupemphera ine ndikungotsatira ngati mwana wogwira chitenje cha mayi ake. Sindinganame kuti ndinamva moto kapena kuona masomphenya. Koma ndinkadziwa kuti sindili ndekha m'chipindamo, ndipo kunkacha. Kenako ndinaulula kumphakati kwathu. Ndinalira mpaka mamina, manyazi onse anathera pomwepo. Anandilowetsa m'chilimba n'kundipatsa kukhala woyamba kulandira.

Za bambo wa kalobayo, musapitenso nokha. Tengani mkulu wa mpingo kapena atcheyamani a m'dera, mukhale pansi, buku litsegulidwe, muwerengere zimene mwabweza. Anthu amenewa amalimba pamene ali ndi mayi wamasiye yekha pakhomo. Pakakhala mboni mawu amasintha.

Mnyamata wa ku Mchini:

Agogo, ndamva. Amayi, pepani, ndinalankhula mothamanga. Inenso chimalizireni Giredi 12 ntchito sindinaipeze, mwina ndimafuula kuti ndisamve zanga.

Wa salaula ku Kapata:

Ndabweranso patapita masabata atatu. Ndinafuna ndiyambe ndachita, ndisanayankhe.

Mwana wanga wa ku Mchini, palibe mlandu. Tsiku lina udzadutse pa Kapata, mzere wa majekete, tidzamwe maheu.

Anamwino, munalondola. BP inapezeka 168 pa 102. Amene amandipimayo anandiyang'ana n'kufunsa kuti mwayenda bwanji kufika kuno. Ndili pa mapiritsi a tsiku ndi tsiku, ndipo mtima uja unasiya kuthamanga usiku. Ndinkauyesa chiwanda, abale.

Chovuta kwambiri chinali cha make mapasa. Kawiri konse ndinapita kumsonkhano wa chigwirizano nditakonzeka, kawiri konse ndinangowerenga maminitsi n'kubwerako. Ulendo wachitatu tikutuluka ndinakoka amayi awiri kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mtengo wa mango, n'kunena zonse. Mmodzi anangoti kakasi, kenako anayamba kuseka misozi ili mbwembwembwe. Nayenso ali m'buku la bambo yemweyo! Chaka chathunthu takhala benchi limodzi, kuimba nyimbo imodzi, aliyense akubisira mnzake. Tinapita tonse awiri pamodzi ndi akulu a mpingo awiri. Bamboyo poyamba anakalipa, koma buku litatsegulidwa anavomera kuimitsa chiwongoladzanja. Yanga yatsala K1,800, ndizipereka K300 pamwezi.

Agogo a ku Madzimoyo, mawu a mana aja ndinawalemba pachikuto cha kope la ngongole. Sindinganene kuti ndachira. Dzulo lomweli ndinadzuka 3 koloko, fizi ya temu ikubwerayi itandikhala pachifuwa. Ndinayatsa tochi, ndinalemba m'kopemo kuti "fizi", ndinawerenga Salimo 4:8, ndinati Ambuye iyi ndi ya mawa, ndipo ndinatseka. Inabweranso, ndinaibwezanso. Kuitana kwa kumzikiti sindinakumve, anandidzutsa ndi mwana wa aneba akugogoda kuti amayi simupita kumsika lero?

Mwana wanga ku Lusaka sindinamuuzebe za kaloba. Ndikufuna ndimuuze pamaso akabwera pa holide, osati pafoni. Pakali pano ngati alipo amene akukwera basi ya ku Lusaka Lachisanu, andiuze, ndili ndi kathumba ka nsinjiro ndi mfutso koti akamusiyire pa Intercity.