Chisankho cha ku Transparency International cha 2014 chingatiphunzitse chiyani ife a mabungwe aang'ono?

Akuluakulu ndi anzanga nonse a pagulu lino, ndabwera ndi funso chifukwa safunsa anadya phula. Ndine mlembi wa kabungwe kotsata momwe ndalama za chitukuko zimagwirira ntchito m'boma lathu, ndipo komiti yandituma kuti ndikafotokozere mamembala momwe bungwe la Transparency International, lolimbana ndi katangale padziko lonse, limasankhira atsogoleri ake, popeza nafenso tili ndi chisankho mwezi wamawa. Ndinkaganiza kuti ndikangowerenga malamulo awo basi, koma nkhani ya chisankho chawo cha mu 2014 yandisowetsa tulo.

Bungweli analiyambitsa ku Berlin mu 1993, ndipo woyamba kulitsogolera anali a Peter Eigen, omwe kale ankagwira ntchito ku World Bank. Wapampando amasankhidwa pa msonkhano waukulu wa mamembala, ndipo amakhala pampando zaka zitatu chisankho china chisanachitike. Mu 2014, mayi Huguette Labelle a ku Canada atatsiriza zaka zisanu ndi zinayi, anthu awiri anapikisana. Mmodzi anali a Pascal Lamy a ku France, omwe anatsogolera World Trade Organization, bungwe loona za malonda a pakati pa mayiko, kuyambira 2005 mpaka 2013, munthu woti akaimba foni nduna za mayiko zimayankha. Winayo anali a José Ugaz, loya wa ku Peru amene anayendetsa milandu ya katangale yokhudza pulezidenti wakale Alberto Fujimori ndi mkulu wa akazitape ake Vladimiro Montesinos. A Ugaz anapambana ndi mavoti 75, pamene a Lamy anapeza 49.

Kwathunso zili chimodzimodzi, kungoti n'zazing'ono. Akupikisana ndi bambo wina wopuma ntchito ku bungwe lakunja, wodziwana ndi opereka thandizo koma amene sanakhalepo membala wathu, ndi mayi wina amene ankakwera kabaza kukawerenga matumba a simenti pa sukulu imene inkamangidwa, mpaka zinaululika kuti matumba olembedwa m'buku ndi ambiri kuposa amene anafika. Mtima wanga uli kwa mayiwa, sindibisa, koma ndikuopa kuti ndikanena za 75 ndi 49 pamaso pa mamembala adzati ndikuchita kampeni. Ndifotokoze bwanji nkhaniyi mwachilungamo, nanga kodi chitsanzochi chikutiyenera?

Yankho la mphunzitsi wopuma ntchito, Zomba

A mlembi, mwachita bwino kuulula kumene mtima wanu wapendekera, ndipo pa chifukwa chomwecho musakafotokoze nkhaniyi muli nokha. Pemphani wina wa mbali inayo kuti akanene zimene omwe ankafuna a Lamy ankaona, chifukwa mavoti 49 si ochepa, ndipo anthuwo sanali opanda nzeru. Bungwe limene lili ndi nthambi m'mayiko oposa 100, limene chaka chilichonse kuyambira 1995 limatulutsa ndandanda woonetsa momwe anthu amaonera katangale m'maboma a mayiko ambiri, limafunika munthu woti maboma amutsegulire zitseko. Paja amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Amene anavotera a Ugaz, monga ndimaonera ine, ankafuna kuti bungwe lizitchula mayina a akuba ndi kuwakankhira kukhoti m'malo momangolemba malipoti, ndipo mkangano weniweni unali pamenepo, osati pa kutchuka kwa munthu.

Yankho la mayi wina wa ku Chipata

Ndiwonjezereko za kuno ku Zambia, popeza zikutikhudza. Mu 2017, pamene mayi Delia Ferreira Rubio a ku Argentina anasankhidwa kukhala wapampando, wachiwiri wawo anali a Rueben Lifuka, omwe anatsogolerapo nthambi ya kuno kwathu, ndipo awiriwo anasankhidwanso mu 2020. Mu 2023 mpando unapita kwa a François Valérian a ku France, wachiwiri wawo n'kukhala mayi Ketakandriana Rafitoson a ku Madagascar, omwe chaka cha 2022 anaitanidwa kupolisi nthambi yawo itadandaula za katangale pa malonda a zipatso za lychee. Mukayang'ana mayina amenewa muona kuti ovota akhala akusakaniza, anthu ochokera m'makontinenti osiyana, mwamuna ndi mkazi. Kodi malamulo anu sakulola kuti wogonja pa mpando waukulu apikisanenso pa wachiwiri? Bambo wanu wopuma ntchito uja akakana uwachiwiri, mudzakhala mwadziwa chimene anabwerera.

Yankho la wowerengera ndalama, Blantyre

Mundikhululukire, koma ndikuona kuti nonse mukuyang'ana opikisana pamene chofunika kwambiri ndi ovota. Ku Transparency International si aliyense wobwera ku msonkhano amene amaponya voti. Nthambi imayenera kuvomerezedwa kaye, ndipo imaunikidwanso pakapita nthawi kuti aone kayendetsedwe kake ndi mabuku ake a ndalama. Ikalephera amaichotsa, monga zinachitikira nthambi ya ku United States mu 2017, ngakhale kuti ndi dziko lolemera. Tsono funso langa kwa inu a mlembi ndi ili: kaundula wa mamembala anu anatsekedwa liti? Ndinaonapo chisankho cha bungwe lina kumene sabata yomaliza kunalembetsa anthu atsopano odzaza minibasi iwiri, onse ndalama ya umembala atawalipirira munthu mmodzi, malisiti ake manambala otsatizana ndiponso cholembera chake chimodzi. Tsekani kaundula lero, mumupachike pakhomo la ofesi kuti aliyense amuone, ndipo wowerenga mavoti asakhale wa mu komiti.

Kuyankha kwa wofunsa

Zikomo kwambiri nonse. Za kaundula zandigwira pamtima, chifukwa wathu sanatsekedwe, ndipo sabata yatha ndalemba mayina atsopano asanu ndi anayi osafunsa kuti abwera bwanji. Ndikaipereka nkhaniyi ku komiti Lachisanu. Koma a ku Blantyre, ngati anthu asanu ndi anayiwo analipira motsatira malamulo amene alipo, tingawaletse bwanji kuvota popanda kuoneka ngati ifeyo ndi amene tikubera?

Yankho la wowerengera ndalama, Blantyre

Simungawaletse ngati malamulo anu sanena kanthu za nthawi imene munthu ayenera kukhala membala asanavote, ndipo musayese kusintha lamulo chisankho chili pakhomo. Chimene mungachite ndi kuitana opikisana onse awiri, muwaonetse mayinawo pamodzi ndi malisiti, kenako agwirizane polemba ndi kusainira ngati anthuwo avote kapena adikire chisankho chotsatira. Mupemphenso aliyense wa awiriwo kuti alembe mabungwe ndi makampani amene amalandirako ndalama kapena amene ali mu bodi yawo, makamaka omwe amapeza makontirakiti ku khonsolo yanu, ndipo mapepala amenewo akawerengedwe mokweza pamaso pa mamembala mavoti asanayambe.