Kompyuta ya GPU ija ndigule kapena ndileke?

Nabanda: Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili kumudzi ku Senga Bay ndi zithunzi za MRI za ubongo za kafukufuku wanga wa sukulu. FreeSurfer, pulogalamu yoyezera ubongo pa zithunzizi, ndi yaulere, koma recon-all, imene imayendetsa ntchito yonse mu FreeSurfer, pa laputopu yangayi ikumatha usiku wonse pa ubongo umodzi wokha. Dzulo magetsi anazima isanamalize, mtima unandiwawa. Pali wina pa Kamuzu Road akugulitsa kompyuta yokhala ndi GPU (kachipangizo kowerengera zinthu zambiri nthawi imodzi) ya kampani ya NVIDIA. Ndigule?

Malume: Mphwanga, tiuze kaye, makinawo amachita chiyani usiku wonsewo?

Nabanda: Malume, ubongo uli ndi khungwa lamakwinya, kukhuthala kwake pafupifupi mamilimita 2.5. Pulogalamuyi imachotsa chigaza pachithunzi, kenako imalondola malire awiri, wamkati pamene mbali yoyera yakumana ndi yotuwa, ndi wakunja kwenikweni. Mtunda wa pakati pa malirewo ndiwo ndikuyeza. Ikatha imafufumitsa ubongowo ngati baluni kuti za m'makwinya zioneke.

Malume: Ngati zili choncho gula, sukulu siichedwetsedwa.

Achimwene a ku Chipoka: Pepani malume, ine ndikukana. Recon-all imadalira CPU, purosesa yaikulu ya kompyuta, GPU ingokhala chigonere. GPU imathandiza ukamagwiritsa FastSurfer, pulogalamu ina imene imagawa zigawo za ubongo m'mphindi zochepa, komabe kumanga malire aja kumabwereranso ku CPU. Iwe vuto lako ndi magetsi, mlongo wanga. Gula batire ndi inveta, uwonjezere RAM ifike 16GB, ndalama ina itsale.

Nabanda: Koma achimwene, maubongo ndi ambiri, ndipo uliwonse ndiyenera kuuyang'ana ndi maso mu Freeview, pulogalamu yoonera zithunzizo, chifukwa nthawi zina malire amalowa mu chikopa chokuta ubongo. Ndikakonza, ndiyendetsenso. Nthawi ikwana?

Achimwene a ku Chipoka: Yendetsa angapo pakamodzi ngati ma core (tizigawo ta CPU) alipo okwanira.

Mlamu: Musanakangane za mtengo, zithunzizo ndi T1 (mtundu wa MRI umene recon-all imafuna) zoonetsa tsatanetsatane wa milimita 1? Ngati zinajambulidwa ndi makina a mphamvu yochepa, monga a 0.35 tesla (muyeso wa mphamvu ya maginito) amene anaunikira ana odwala malungo a mu ubongo ku Queens, kompyuta yodula siiwonjezera chimene makinawo sanajambule. Pamenepo yesani kaye recon-all-clinical, mtundu wa recon-all wopangidwira zithunzi za m'zipatala.

Nabanda: Alamu, zina ndi 1.5 tesla, zina sindinatsegule. Ndiona usiku uno.

Malume: Wogulitsayo muuze adikire mpaka Loweruka. Ine inveta ndili nayo, ubwere udzaitenge uyesere.