Gitala yanga ikung'ung'udza ndipo nsambo zakwera: ndikonze kapena ndipange bodi ya mlombwa?

Wa ku Chilomoni:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi gitala yamagetsi imene malume anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg. Maonekedwe ndi a Stratocaster, koma si Fender yeniyeni ayi, ndi izi zongotengera. Ndimaimbira kutchalitchi kwathu.

Chiyambire mvula, nsambo zakwera kwambiri moti kuyambira pa fret ya 7 (ma fret ndi timizere tachitsulo ta pakhosi la gitala) zala zimachita kuwawa. Ndikatchuna zimamveka bwino, koma ndikafika pa fret ya 12 ndimasemphana ndi wa kiyibodi mpaka amatembenuka kundiyang'ana. Kuwonjezera apo, ndikangoilumikiza ku ampu imayamba "mmmm" wosalekeza. Ndikagwira nsambo phokosolo limachepa, ndikasiya limabwerera.

Nditachotsa pulasitiki yakutsogolo ndinapeza kuti bodi ndi yapulayiwudi, ndipo sikuluu ya lamba imangozuka. Tsono kalipentala wina pafupi ndi kwathu ali ndi thabwa la mlombwa limene lakhala m'shedi kuyambira kalekale, akuti akhoza kundigulitsa. Kodi ndikapanga bodi yatsopano mavutowa atha? Kapena ndingosunga ndalama ndidzagule ina?

Agogo a Nsambo, Zomba:

Mwana wanga, thabwalo ligule ndithu lisanasanduke chitseko cha munthu wina. Koma pa mavuto watchulawa, la bodi ndi sikuluu ya lamba yokha. Limenelo tenga timitengo ta machesi, uviike m'guluu wa matabwa, ulowetse m'bowomo, kukacha ubwezeretse sikuluu. Latha.

Ine ndinayambira pa banjo ya chigubu cha mafuta, nsambo zake mawaya a mabuleki a njinga, ndipo mpaka lero imvi zili mbuu ndikadasendabe matabwa pakhonde. Magitala amene anyamata a mabandi amandibweretsera akuti "yatha iyi", ambiri amangofuna alenki ndi kudekha.

Khosi la gitala ndi mtengo, ndipo mtengo umamwa chinyezi. Kuno kwathu kuchoka pa kuuma kwa Okutobala kulowa m'mvula ya Disembala, khosi limasuntha basi. N'chifukwa chake m'kati mwake anaikamo chitsulo chotchedwa truss rod. Yesa chonchi: tchuna gitala, umange capo (kachipangizo kopanira nsambo zonse pamodzi) pa fret yoyamba, udinde nsambo yaikulu pa fret yomaliza, kenako uyang'ane mpata pakati pa nsambo ndi fret ya 8. Uyenera kukhala pafupifupi 0.25 mm. Usavutike kusaka choyezera. Nsambo yaying'ono ya E ya pa seti ya 10-46 kunenepa kwake ndi komweko, ndiye dula kachidutswa ka yakale uzilowetsa pampatapo. Kakamalowa momasuka n'kumagwedera, khosi lawerama. Masulako nsambo, ulowetse alenki yokwana bwino, upotoze kumanja kotala chabe, utchunenso, uisiye igone. Mawa uyezenso. Ikalimba osakakamiza, chitsulo chimenechi chikaduka, khosi lonse lapita.

Khosi likawongoka ndi pamene umatsitsa timipando ta pa bridge, chitsulo chimene nsambo zimakhalapo pa bodi. Pa fret ya 12 ine ndimasiya mpata wa 2 mm ku nsambo yaikulu ndi 1.6 mm ku yaying'ono. Za kusemphana ndi kiyibodi zimabwera pomaliza, ndipo uchite ndi nsambo zatsopano, osati zadzimbiri. Liza nsambo osadinda, kenako dinda pa 12, uone pa tuner ya pafoni. Mawu akakwera kupitirira, bweza kampandoko m'mbuyo kuti nsambo italike. Akatsika, kasunthire kutsogolo. Imodziimodzi, zonse zisanu ndi imodzi.

Tsono za mlombwa, poti pamenepo mpamene mtima wanga uli. Mtengo umenewu ukauma sukonda kupindika kapena kung'aluka, n'chifukwa chake akalipentala amaukonda pa mafelemu ndi mipando. Pa bodi ndi wabwino zedi, ndipo ukaupaka mafuta okha osathira penti, mizere yake imaoneka mokoma kuposa utoto uliwonse wam'sitolo. Koma khosi usapange, gwiritsa ntchito lomwe uli nalolo. Leo Fender, amene anali wokonza mawailesi osati woimba, anapanga khosi lomangira ndi masikuluu anayi dala, kuti chimodzi chikawonongeka uzisintha chokhacho. Stratocaster yoyamba inatuluka mu 1954 ndipo mpangidwe wake sunasinthe kwenikweni.

Thabwa lipalidwe kufika 45 mm. Malo awiri okha ndi amene safuna kuyerekeza ndi maso: dzenje lokhalamo khosi, ndi pokhala bridge. Yeza kuchoka pa nut (pamene nsambo zimatsamira kumutu kwa khosi) kufika pa fret ya 12, uwirikize kawiri, pamenepo mpamene timipando tikhale. Pa Fender imakwana 648 mm, pa Gibson pafupifupi 628 mm, koma yakoyo poti ndi yongotengera, yeza wekha. Ukaphonya ndi mamilimita atatu okha, ngakhale mlombwa ukongole bwanji, gitalayo idzanama mpaka kalekale. Bodi yakaleyo usataye, ndiyo patani yako. Igoneke pathabwa ujambule, ndipo dzenje la khosi uyambe wayeserera pa chidutswa cha paini.

Phokoso la "mmmm" ndisiyira anyamata a magetsi. Maso anga satha kuonanso timawaya tija bwinobwino.

Wamagetsi wa ku Area 25:

Agogo anena zonse za matabwa, ine ndingolowa pa phokosopo. Achimwene, zoti mukagwira nsambo limachepa ndi nkhani yabwino: zikusonyeza kuti waya wa ethi wopita ku bridge ndi wolumikizika. Likanakhala kuti likukula mukagwira, tikanati mawaya a pa jack (polowetsa chingwe chopita ku ampu) anawotchereredwa mosemphana.

Ma pickup (tizipangizo totola mawu a nsambo) a koyilo imodzi ngati anuwo amatola phokoso la magetsi mwachibadwa. Ndi waya wopyapyala wokulungidwa maulendo pafupifupi 8,000 kuzungulira maginito, ndiye amatola chilichonse, kuphatikizapo 50 Hz ya magetsi athuwa. Ikani switch yosankhira ma pickup pa malo achiwiri kapena achinayi. Ngati phokoso lazimirira, ndiye kuti pickup yapakati inakulungidwa motembenuza ndipo iwiri ikagwirira limodzi imafafaniza phokosolo. Nzeru yomweyo ndi imene ili mu humbucker, pickup ya makoyilo awiri, imene Seth Lover anapangira Gibson n'kuyamba kuikidwa m'magitala mu 1957.

Chotsika mtengo ndi ichi: matani foyilo ya kukhitchini m'maenje onse a bodi ndi kuseri kwa pulasitiki ija, zidutswa zigundane, kenako ilumikizane ndi ethi. Yesani ndi mita kuti muone ngati zalumikizanadi, chifukwa guluu amatha kutsekereza. Chenjerani isakhudze miyendo ya switch kapena nsonga ya jack, gitala ingakhale chete kotheratu. Sizichotsa phokoso lonse, koma lochokera ku mababu ndi matchaja a foni limachepa kwambiri. Yesaninso chingwe china. Zambiri zam'misikazi n'zopyapyala zedi.

Koma chimene chandichititsa kulemba ndi ichi. Kutchalitchi kwanuko soketi ili ndi ethi? Ndaona malo ambiri ampu akuilowetsa m'soketi ndi mawaya awiri opanda pulagi, atapanikiza ndi kamtengo, kapena ili pa jenereta yopanda ethi. Nsambo zanu n'zolumikizana ndi chitsulo cha ampu. Ampu ikakhala ndi vuto m'kati, inu mutagwira nsambo n'kugunda mlomo pa mayiki, magetsi adutsa mwa inu. Ngati munamvapo kuluma pamlomo poimba, lekani kaye mpaka munthu wodziwa ayeze. Ndipo ampu musaitsegule nokha, m'kati mwake mumatsala magetsi ngakhale mutazula pakhoma.

Mlongo wanu ku Leeds:

Ndikusiyanako pang'ono ndi Agogo, mundikhululukire bambo. Achimwene, musayembekezere kuti mlombwa usintha mawu kwambiri. Pa gitala yamagetsi, khutu langa limamva kusiyana kwakukulu pa ma pickup, ampu ndi zala za woimba. Bodi pangani chifukwa mukufuna chinthu chanuchanu cholimba, osati poganiza kuti ziyamba kumveka ngati za mu studio. Komanso nyamulani thabwalo muone kulemera. Strat yonse imakhala cha m'ma 3.5 kg, ndipo mapemphero athu aja si a ola limodzi, phewa lidzadandaula.

Mbawa nayonso musaiderere. Magitala ambiri kuno olembedwa kuti mahogany ndi a mtengo wa banja lomwelo la Khaya wochokera ku Africa konko. Mkungudza wa ku Mulanje wokha ndiye ayi, watsala pang'ono kutheratu, wina akakutsatsani mukane.

Pa zoti mugule: ngati ndalama ndi yochepa, yambani ndi jack yabwino, switch, ndi ma pot (zopotoza za voliyumu ndi toni) a 250k, poti a 500k amayenera ma humbucker. Timeneti n'topepuka, wachibale akhoza kubwera nato m'thumba la jekete kuchokera ku Joni. Ine ndinaphunzira kuwotcherera pa gitala ya mwana wanga, pano ndi ine amene sindichoka m'galaja, iye anasamukira ku mpira.

Wa ku Chilomoni:

Zikomo kwambiri nonse. Agogo, ndayeza monga munanenera, kachidutswa ka nsambo kamangosambira pampatapo. Ndapotoza kotala dzulo, lero nsambo zatsika kale moti ndikumva kusiyana. Achimwene a ku Area 25, pa malo achiwiri ndi achinayi phokoso likutheratu, ndipo mwalasa: ampu yathu ili pa ekisitenshoni yopanda phini ya ethi. Ndawauza akulu a mpingo, Loweruka kubwera munthu wodzayeza.

Thabwa ndalipira theka. Koma ndaona kuti m'lifupi ndi 25 cm basi, pomwe bodi yakale ndi yoposa 32 cm. Ndiye kuti silikwana?

Agogo a Nsambo, Zomba:

Likwana, bola likhale lalitali. Lidule pawiri ulumikize m'mbali. Ngakhale ma Fender enieni ambiri ndi a zidutswa ziwiri kapena zitatu. Kalipentala apale m'mbalimo mpaka ukazigundanitsa n'kuyang'ana kudzuwa pasaoneke kuwala. Pukuta ndi sipiriti usanapake guluu, chifukwa mlombwa uli ndi utomoni wake. Ukamange ndi makilampu usiku wonse, ndipo mzere wolumikizirawo ukhale pakati penipeni, ndi umene uzidzayezera khosi ndi bridge.

Mayi a ku Leeds, za mawu sinditsutsa kwambiri, ngakhale ine ndimamva kanthu pachifuwa ndikaliza ya mtengo weniweni isanalumikizidwe. Za kulemera ndiye mwanena zoona. Mnyamata, likakulemera, kumba dzenje la ma pickup likhale limodzi lalikulu m'malo mwa atatu, pulasitiki idzaphimba. Ndipo posenda mlombwa uzimanga kansalu pamphuno, fumbi lake limayetsemulitsa.