Ekizozi ya stainless: ndiwonjezere ndalama kapena ndigule yotchipa?

Bambo a Tadala (South Bend, ku America): Abale, ndigawireni nzeru. Pikapu yanga, Silverado ya 2012, yayamba kulira ngati thalakitala. Loweruka ndinagona kunsi kwake ndi tochi, ndipo ndinapeza kuti paipi yolowa mu sayilensa yadyeka pomwe anawotcherera. Nditangoidina ndi chala, dzimbiri linayoyoka ngati makoko a mtedza, lina kundigwera m'maso. Paipi imeneyi, ya aluminized, ndinaikitsa zaka zitatu zokha zapitazo. Kugalaja anditchulira mitengo itatu: aluminized, stainless 409 ndi stainless 304. Wa 304 ukuwirikiza kawiri wa aluminized, kupitirirako pang'ono. Mwezi womwewu ndikufunika kutumiza fizi ya mphwanga ku Zomba. Kodi stainless imeneyi ndi yoyeneradi ndalama zake?

Malume a ku Dallas: Achimwene, gulani yotchipayo, mwana apite kusukulu. Yanga ndi aluminized, yatha zaka 8, ikadali mbee. Amagalaja amangofuna kukukamani.

Mayi a Chisomo (Hamilton): Malume, kwanuko chipale chimagwa kangati pa chaka? Ife kuno ku Ontario, ku Canada, kuyambira Novembala mpaka Malichi timayenda pamchere womwe amathira mumsewu kuti chipale chisungunuke. Mgodi waukulu wa mchere wa pansi pa nthaka uli konkuno, ku Goderich, kunsi kwa nyanja ya Huron, ndipo wambiri umathera mumsewu. Bambo a Tadala nawonso ali pafupi ndi nyanja ya Michigan, komwe chipale chimachita kukhuthuka. Zanu ndi zawo n'zosiyana. Bambo akunyumba anaika 304 pa yathu, mpaka lero sitinabwererenso kugalaja ndi nkhani ya ekizozi.

Makaniko wa ku Elkhart: Zikomo akuluakulu, ndilowererepo, poti zitsulo zimenezi ndimazigwira tsiku ndi tsiku.

Aluminized ndi chitsulo wamba chomwe achiviika mu aluminiyamu wosakaniza ndi silicon. Chovala chimenechi n'chopyapyala. Chikakhala chathunthu chimateteza bwino ndithu, n'chifukwa chake ya Malume ikadali yowala. Koma pamene tawotcherera, moto umapsereza chovalacho. Pamene tapinda paipi, pamene kalampu yaluma, pamene mwala wagunda, chitsulo chimatsala pamtetete. Madzi a mchere amalowera pomwepo n'kumadya chamkati. N'chifukwa chake yanu, bambo a Tadala, yaduka pa weludi, osati pakati pa paipi.

Stainless ilibe chovala, chitetezo chili m'thupi mwake momwe. Ya 409 ili ndi chromium, chitsulo choteteza ku dzimbiri, pafupifupi 11 peresenti. Ndi imene mafakitale ambiri amaika pa galimoto yatsopano. Imachita dzimbiri la pamwamba, imasanduka yofiirira ngati dothi la katondo, moti anthu amabwera akudandaula kuti anawanamiza. Koma mukaipala ndi waya bulashi mumapeza mkati muli bwinobwino. Ya 304 ili ndi chromium 18 peresenti ndi nickel 8 peresenti. Nickel ameneyu ndiye amakweza mtengo.

Mukamapita kukagula tengani maginito m'thumba. Pa 409 ndi pa aluminized amakakamira zolimba. Pa paipi yowongoka ya 304 sagwira, kapena amangogwira mwaulesi pamene yapindidwa.

Malume a ku Dallas: Ndamva, amisiri. Komabe munthu akamatsuka kunsi sabata iliyonse, yotchipayo singakhalitse?

Makaniko wa ku Elkhart: Kutsuka kumathandiza, Malume, ndipo ndimalimbikitsa aliyense. Koma pali ziwiri. Mchere wamba umafooka kukazizira kufika cha m'ma digiri 9 a Celsius pansi pa ziro, ndiye amathira calcium chloride kapena magnesium chloride. Imeneyi imakoka chinyezi cha mumpweya, moti kunsi kwa galimoto kumakhala konyowa ngakhale msewu utauma. Chachiwiri, ekizozi imadyekanso kuchokera mkati. Petulo akamapsa amatulutsa nthunzi. Mwaonapo madzi akudontha kumchira wa paipi m'mawa? Ngati ulendo wanu ndi waufupi, sayilensa sitentha mokwanira kuti madziwo aume, amangokhala m'menemo ndi asidi wake. Mpopi wotsukira sufikako kumeneko.

Bambo a Tadala (South Bend): Apo mwandigwira. Kuntchito ndi mphindi 7 basi. Maulendo aatali ndimayenda nthawi yotentha yokha, ndikamakoka ngolo ya makina otchetchera kapinga.

Alamu a ku Minneapolis: Alamu, musanatulutse ndalama iliyonse, bwererani kunsiko ndi sikuludiraiva. Bayani chasisi pafupi ndi masipuling'i akumbuyo, yang'anani mapaipi a mabuleki, yang'anani malamba ogwira thanki. Ine ndinalakwitsa pamenepa. Ndinaika 304 pa galimoto yomwe chasisi chake chinali chitayamba kale kufumbwa. Patangopita nyengo ziwiri za chipale makaniko anandiuza kuti si yoyeneranso kunyamula ana. Tsiku lomwe ankaikoka kupita ku sikirapu, ekizozi inali ikunyezimira kunsi kwake. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa ndalama imeneyo ndinaipeza ndi mashifiti a usiku. Galimoto ya 2012 yomwe yakulira mumchere siingakhale ndi moyo wofanana ndi 304.

Mayi a Chisomo (Hamilton): Izo n'zoona, koma galimoto yosamalidwa imakhalitsa. Yathu timaipopera mafuta oteteza dzimbiri chaka chilichonse chipale chisanayambe. Ndipo musaiwale kuti makaniko mumamulipira ulendo uliwonse. Kugula yotchipa kawiri kapena katatu, pamodzi ndi leba, mwaposa kale mtengo wa stainless. Ine aluminized ndiye ndakana ndithu.

Anamwino (Indianapolis): Pepani, za zitsulo sindilowererako, koma bambo a Tadala, chonde musadikire malipiro a mwezi wamawa. Paipi yobooka imatulutsa carbon monoxide kunsi kwa pomwe mumakhala. Mpweya umenewu ulibe fungo. Nthawi yozizira timatseka mawindo onse, timasiya injini ikulira kuti m'kati mutenthe, ana ali pampando wakumbuyo. Mutu ukayamba kuwawa kapena tulo kukubwererani muli pachiwongolero, imani, tsegulani zitseko. Mpaka mutakonzetsa, musamatenthetse galimoto ana ali m'kati, ndipo kumchira wa paipi muzichotsako chipale.

Bambo a Tadala (South Bend): Zikomo anamwino, mayi a Tadala awerenga ndipo makiyi alanda kale. Alamu, ndabayabaya monga munanenera. Chasisi chikulira ngati chitsulo, ngakhale chakumbuyo chayamba kusenda. Mapaipi a mabuleki ndiwo akundikayikitsa, amenewo akufunanso ndalama. Ndiye 304 ndaisiya, aluminized ndaisiyanso. Nditenga 409, yotsalayo ipite ku mabuleki ndi ku Zomba.

Makaniko wa ku Elkhart: Mukafika auzeni kuti makalampu ndi zokolekera zikhalenso za stainless, chifukwa ambiri amaika paipi yabwino n'kumangira ndi kalampu ya chitsulo wamba, yomwe imaduka msanga. Afunseninso waya yemwe awotcherere, akhale wa stainless. Ngati akana kukuonetsani, bwerani nayo kuno Loweruka m'mawa, Elkhart si patali.

Malume a ku Dallas: Achimwene, ikafika Malichi mudzatijambulire kunsiko, ndikufuna ndione mtundu wa katondo akunenawo.