Funso pa gulu: alezi athu a mkombaphala akutha mmodzimmodzi, ndiwagwire ndi chiyani?

Moni nonse a pagulu pano. A adimini ndapota, iyi muilole idutse, ndi yaitali koma yandisowetsa tulo.

Ndine mayi, wapampando wa komiti ya sukulu ya mkombaphala m'mudzi wina kufupi ndi Lifuwu, kuno ku Salima. Sukuluyi tinaiyambitsa tokha pansi pa CBO yathu, bungwe la anthu a m'dera lomwelino. Njerwa tinaumba tokha, udzu wa denga tinamweta tokha. M'kaundula muli ana 87, a zaka 3 mpaka 5. Alezi onse ndi ongodzipereka, palibe wolandira malipiro. Chaka chatha analipo 11. Lero atsala 3, ndipo mmodzi ndi woyembekezera, masiku atha.

Atatu oyamba kuchoka sindingawaimbe mlandu. Kuno mvula ikagwa aliyense amakhala kudambo kuwokera mpunga, ndipo ganyu wowokera amalipira tsiku lomwelo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mayi woti kunyumba ufa watha simungamuuze kuti akhale ndi ana a eni kuyambira 7 koloko mpaka 11 kwaulere. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale sopo wochapira chitenje chovala pobwera kusukulu ndi nkhani. Amuna awonso ena amafunsa kuti wabwerako ndi chiyani kumeneko.

Koma chimene chinaswa gulu si njala ayi. Kunabwera bungwe lina, dzina sinditchula, kudzaitana alezi awiri ku maphunziro a masabata awiri ku Senga Bay. Kunali alawansi, tisheti, chikwama ndi satifiketi. Mayina anadzera kwa akuluakulu a m'mudzi, ndipo anapita ndi atsikana awiri omwe anali asanathe ndi mwezi pasukulupo. Mayi amene akhala akutsegula kalasi zaka 6, amene amasambitsa ana akadziipitsira, amene amadziwa mwana aliyense ndi agogo ake, anatsala. Kalata ya mayinawo ndinasaina ndine. Ndinaopa kuyambana ndi a gulupu, ndipo mpaka lero mtima umandipweteka. Sabata yotsatira mayi aja anabwera kwathu, anagwada bwinobwino, nkundipatsa kiyi, nkuti "amayi, ndatopa." Anzawo awiri anawatsatira. Atsikana ophunzitsidwa aja wina anakwatiwa ku Chipoka, wina ali ku Lilongwe pa ntchito.

Ndiye ndifunse inu amene munayendetsapo magulu a anthu odzipereka. Ena m'komiti akuti makolo azisonkha K1,000 pamwezi ya sopo wa alezi. Kodi kwanuko zinatheka, kapena ana anasiya kubwera? Nanga kwa mayi ndinawalakwira aja ndipiteko bwanji, poti manja ndilibe kanthu? Ndipo maphunziro ena akadzabwera, mumatani kuti apite ndi ogwira ntchito enieniwo popanda kunyoza mafumu?

Mayankho

Bambo wa ku Benga, Nkhotakota: Pepani amayi, ife tinadutsamo momwemo. Chinatithandiza ndi kuchepetsa masiku. Munthu wodzipereka asabwere Lolemba mpaka Lachisanu, ameneyo ndi wantchito basi. Tinawagawa awiriawiri, aliyense masiku awiri pa sabata, ndipo nthawi ya dzinja makolo amalowa nawo pa ndandanda yophika phala ndi kutunga madzi kuti mlezi angoona za ana. Tinapemphanso munda kwa a mfumu. Makolo amalima, chimanga ndi soya zimapita ku phala, koma mzere wa mtedza ndi wa alezi, amagawana okha.

Mnyamata wa pa Kamuzu Road: Mabungwe omwewa ndi amene anationonga. Kale anthu ankalambula msewu ndi kumanga milatho popanda kufunsa kanthu. Pano ukaitana msonkhano funso loyamba ndi loti kuli alawansi? Mayi, muvutika, kudzipereka kunatha.

Mlezi wa ku Khombedza: Achimwene a pa Kamuzu Road, musatero. Ine ndatha zaka 8 ndikulera ana a m'mudzi ndipo sindinalemerepo. Kudzipereka sikunathe, koma anthu amatopa ndi kupondedwa. Amayi, ndikuuzeni zimene zimatiwawa ife. Alendo akabwera ndi galimoto, amatiuza tikonzekeretse ana nyimbo, tisese, tiphike, koma olankhula ndi kujambulidwa ndi a komiti. Mwana wanga anagonekedwa kuchipatala sabata yathunthu, palibe wa komiti anadzandizonda, anangotuma mwana kudzafunsa kaundula. Mayi anuwo sanachokere alawansi yokha. Anaona kuti zaka 6 zawo palibe anaziwerenga. Pitani nokha kunyumba kwawo, osawaitanitsa, osatuma munthu. Mukanene mosabisa kuti munasaina ndinu ndipo munalakwa. Za kubwerera kusukulu musakatchule tsiku limenelo.

Mayi wa ku Dwangwa: Za K1,000 samalani. Ife tinayesa ndalama, oyamba kusowa anali ana okhala ndi agogo awo, omwewo amene phala likuwathandiza kwambiri. Inu muli kwa mpunga. Dikirani nthawi yokolola, Meyi kapena Juni, khomo lililonse lipereke mbale kapena ndowa monga lingathere, ndipo lamulo likhale loti mwana sabwezedwa. Alezi athu tinawalimbikitsanso kuyamba banki m'khonde yawoyawo. Amakumana Lachinayi ana akaweruka, ndiye wosiya ntchito amadziwa kuti akusiyanso gulu lake.

Bambo amene anagwirapo ntchito zachitukuko kuboma: Pa funso lachitatu lija. Vuto ndi loti lamulo mulibe, ndiye mayina akafunika mawa m'mawa wamphamvu ndi amene amasankha. Khalani pansi panopa, pamene kulibe maphunziro alionse, ndi a komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) komanso a gulupu amene. Mugwirizane kuti wopita ndi amene watha chaka akugwira ntchito, kuyambira wokhalitsa kutsika m'munsi, molingana ndi buku losainira alezi. Zilembedwe, a gulupu adinde chidindo chawo. Mfumu sikana lamulo limene yadinda yokha pamaso pa anthu. Kenako tengani mayina a alezi ndi zaka zimene agwira mukasiye ku ofesi ya Social Welfare ku Salima boma, chifukwa sukulu za mkombaphala zili m'manja mwa ofesi imeneyo ndipo mabungwe ambiri amadzera kumeneko asanalowe m'mudzi. China chosafuna ndalama: pemphani a mfumu kuti alezi asamawerengedwe pa ntchito zina za chitukuko monga kututa mchenga ndi kuumba njerwa. Kulera anako ndi gawo lawo kale.

Mtsikana wa ku Senga Bay: Mwayesa achinyamata omaliza Fomu 4 amene akungokhala? Ambiri amafuna kalata yosonyeza kuti anagwirapo ntchito. Muwalonjeze kalata yodindidwa akatha miyezi 6.

Wolemba funso: Zikomo nonse, ndawerenga kawirikawiri. Achemwali a ku Khombedza, mwandigwetsa misozi, chifukwa nanenso mayi aja atataya mchimwene wawo ndinangopita pa maliro nkubwerako, sindinapitenso kukawaona. Mawa madzulo ndipita ndekha. Za achinyamata ndili ndi mantha pang'ono, poti atsikana aja anandipweteka, koma mwina awiri oti azigwira pambali pa mlezi wamkulu zingatheke. Za ndalama ndikauza komiti kuti tizisiye, tidikire mpunga.

Abambo a kuboma, chimodzi chokha mundithandizenso. Mmodzi mwa atsikana anapita ku Senga Bay aja ndi mdzukulu wa a gulupu omwewo. Nkhani ya lamuloyi ndikaiyambe ndine pa msonkhano wa VDC, kapena ndidzere kaye kwa nduna zawo mwakachetechete? Msonkhano uli Loweruka likudzali, ndipo Lolemba ana 87 aja adzapeza alezi awiri okha.