Ma imelo a ku ofesi, munthu wosaona aziwawerenga bwanji?

Nachisale_Chilomoni:
Moni nonse. Ku ofesi kwathu ku Ginnery Corner kwabwera bambo ena atsopano, ndi osaona ndipo pa kompyuta amagwiritsa ntchito pulogalamu ija imawerenga mokweza zomwe zili pa sikirini. Ine ndi amene ndimatumiza ma imelo onse, a misonkhano, ma memo, mauthenga a maliro, ndiye ndikufuna nawonso azimva okha osachita kupempha munthu kuti awawerengere. Ndizipanga bwanji? Makamaka ma memo aja abwana amasaina kenako timasikana nkutumiza.

Phiri_waBangwe:
Achemwali mwachita bwino kufunsa. Ineyo ndine wosaona, pa laputopu pulogalamu yowerenga sikirini yomwe ndimagwiritsa ntchito ndi NVDA poti ndi yaulere, ina ya JAWS ndi yogula komanso yodula, pa foni ndi TalkBack. Vuto lalikulu ndi lomwe mwatchulalo. Pepala mukalisikana limasanduka chithunzi ngakhale litakhala PDF, ndiye ine ndikatsegula pulogalamu ingoti graphic kapena kungokhala chete, chonsecho anzanga onse awerenga kale kuti msonkhano wasintha nthawi, zimawawa ndithu. Ilipo pulogalamu ya OCR yomwe imayesa kuzindikira zilembo za pa chithunzi koma pakakhala chidindo pamwamba pa mawu kapena pepala linapendekeka posikana imasokoneza manambala, ndipo deti ndi ndalama si zinthu zongoganizira ayi.

Ndiye yosainayo tumizani, koma mawu omwewo muwakoperenso mu imelo momwemo kapena muikepo ya Word. Chimodzimodzi ma poster a ukwati kapena maliro, tsiku, nthawi ndi malo zilembeni ngati mawu wamba. Mutu wa imelo nawonso uzinena nkhani, ife timayenda mu inbox pomvera mitu umodzi umodzi, ndiye ukamangomva Fwd Fwd kasanu sudziwa woyamba kutsegula.

Chisomo_IT:
Kungowonjezerapo pa zomwe anena a Phiri. Mukaika chithunzi mkati mwa imelo lembani alt text, ndi kachiganizo kofotokoza zomwe zili pachithunzipo, mu Outlook ndi mu Gmail momwe malo ake alipo. Imelo ikakhala yaitali gwiritsani ma heading enieni osati kungokulitsa zilembo, chifukwa pa NVDA munthu amadina H nkumadumpha mutu ndi mutu. Ma linki musamalembe kuti dinani apa, pulogalamu imatha kuwasonkhanitsa onse pamodzi ndiye munthu amangomva dinani apa dinani apa osadziwa ipita kuti, lembani kuti fomu ya tchuthi basi. Komanso zija timakonda zoti mayina ofiira ndi amene sanapereke ndalama ya chipepeso, mtundu sawumva, lembani mawu pambali pa dzinalo. Outlook ili ndi batani la Check Accessibility lomwe limakuonetsani zomwe zingavute munthu wosaona mu imelo, muzilidina musanatumize.

MayiakeTadala:
Ma emoji nawo chepetsani, iliyonse imatchulidwa dzina lake, zikachuluka ndondondo munthu amve mayina onsewo asanafike pa uthenga. Koma achemwali afunseninso bambowo, amene anaphunzira braille, zilembo zowerenga ndi zala zija, ndi amene maso anasiya kuona atakula kale zokonda zawo sizifanana.

Nachisale_Chilomoni:
Zikomo kwambiri nonse, mawa ndicheza nawo. A Phiri, nanga ndikalemba mu Chichewa imawerenga?

Phiri_waBangwe:
Imawerenga koma ndi katchulidwe ka chizungu, mawu ngati ng'ombe kapena mphwanga amatuluka mokhota, tinazolowera ndipo timamva. Chomwe chimatisokoneza ndi zidule za pa WhatsApp zija, zkm, bwnj, imangotchula zosamveka mpaka uyambe kuyenda chilembo chimodzi chimodzi. Lembani mawu athunthu ndipo muziika mpumiro kuti izipumira pothera chiganizo.