Kubwereranso pa funso la chiwerengero cha Aisraeli m'chipululu

Mwezi watha ndinafunsa ngati amuna 603,550 otchulidwa pa Numeri 1:46 akanathadi kuyendera limodzi m'chipululu cha Sinai, poti tikawonjezapo akazi ndi ana, khamulo likanafika anthu 2 miliyoni kapena kupitirira. Tsopano ndapeza kuti liwu la Chiheberi lakuti eleph limatanthauza 1,000, komanso nthawi zina banja kapena mbumba, monga pa Oweruza 6:15 pamene Gideoni akudandaula kuti banja lake ndi lonyozeka pakati pa fuko la Manase. Ngati liwuli likutanthauza banja pa chiwerengero cha mu Numeri, ndiye kuti Aisraeliwo anali ochepa kwambiri kuposa pamenepo. Komabe sindinakhutire nalo yankho limeneli, chifukwa siliva wa msonkho pa Eksodo 38:25-26, matalente 100 ndi masekeli 1,775 (iyi ndi miyeso ya kulemera, ndipo talente imodzi ndi masekeli 3,000), ukamugawa theka la sekeli pa mwamuna aliyense, akukwanira ndendende amuna 603,550 omwewo.